Mita Zochepa pa Mpope Umodzi: Mmene Linux Inaphunzirira Kuyeza Memori

Mu 1995, akatswiri awiri a pa University of Virginia ku America, William Wulf ndi Sally McKee, anafalitsa nkhani yaifupi yochenjeza za chimene anachitcha khoma la memori. Mfundo yawo inali yosavuta kumva. Liwiro la pulosesa, mbali ya kompyuta imene imachita masamu onse, linkakwera chaka ndi chaka, pamene liwiro la memori, kumene pulosesayo imakatenga zoti igwirire ntchito, linkakwera mokwawa. Iwo anati zikapitirira choncho, idzafika nthawi imene pulosesa izidzakhala nthawi yambiri ili chilili, kudikira memori.

Patapita zaka 20, vutolo linali litakula mwa njira ina. Opanga mapulosesa anali atayamba kuika ma core ambiri m'pulosesa imodzi, core iliyonse ikugwira ntchito yakeyake. Xeon E5-2699 v4, imene Intel inatulutsa mu 2016, inali ndi ma core 22. Onsewo ankagawana cache ya L3, yomwe ndi kankhokwe kapafupi kosungiramo zinthu zofunidwa kawirikawiri, ndipo ankagawananso njira 4 zopita ku memori. Memori yake ikakhala ya mtundu wa DDR4-2400, njira zonse 4 pamodzi sizingadutsitse ma gigabyte oposa 76.8 pa sekondi. Kuchuluka kwa zimene zingadutse pa sekondi kumeneku ndi kumene akatswiri amati bandwidth. Mutagawa mofanana, core iliyonse ingapeze pafupifupi ma gigabyte 3.5. Koma panalibe wogawa. Core yopempha kwambiri ndiyo inkatenga zambiri, zinzake n'kumadikira.

Aliyense amene anakhalapo m'nyumba za lendi zogawana mpope umodzi akuidziwa bwino nkhani yotere. Madzi akamatuluka mofooka m'mawa, aliyense amaloza chala mnzake, ndipo bilu ikabwera pamakhala mkangano, chifukwa mita ndi imodzi. Makampani obwereketsa maseva, amene amaika mapulogalamu a makasitomala osiyanasiyana m'makina amodzi, anali m'vuto lomweli. Linux inkatha kunena kuti pulogalamu yakuti yadya nthawi yochuluka bwanji ya pulosesa, kapena yatenga malo aakulu bwanji mu memori. Za amene akudzaza njira yopita ku memori inalibe yankho. Mu 2015, ofufuza a ku Stanford ndi Google analongosola dongosolo lawo lotchedwa Heracles, losakaniza ntchito zofuna yankho lachangu ndi ntchito zoti zikhoza kudikira. Iwo analemba kuti anachita kuyeza ntchito zina payokha pasadakhale, chifukwa mapulosesa amene ankagwiritsa ntchito analibe njira yodalirika yoyezera bandwidth ya core iliyonse.

Zimene Intel inaika m'pulosesa

Intel inayankha pang'onopang'ono. Mapulosesa a Xeon E5 v3 a mu 2014 anabwera ndi CMT, njira yoyezera malo amene pulogalamu yatenga mu cache ya L3. A Xeon E5 v4 a mu 2016 anawonjezera MBM, yoyezera zimene zikudutsa pakati pa cache ndi memori. Zonsezi, pamodzi ndi njira zogawira cache, zinapatsidwa dzina limodzi lakuti RDT.

Kagwiridwe kake kali motere. Pulosesa ili ndi manambala a chizindikiro otchedwa RMID. Nthawi iliyonse imene kernel, womwe ndi mtima wa Linux, ikulowetsa pulogalamu pa core, imalemba RMID ya pulogalamuyo m'kaundula wina wa core wotchedwa IA32_PQR_ASSOC. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene core ikutenga ku memori chimawerengedwa pa mita ya RMID imeneyo. Pofuna kuona mita, kernel imalemba RMID ndi mtundu wa chimene ikufuna m'kaundula wachiwiri, n'kutenga yankho m'kaundula wachitatu. M'yankholo muli ma bit awiri apadera: imodzi imati pachitika cholakwika, inayo imati chiwerengero sichikupezeka.

Pali zinthu zitatu zimene zinadzavutitsa anthu kwa zaka zambiri. Choyamba, ma RMID ndi ochepa. Xeon ya ma core 22 ija inali nawo 176, pamene seva imodzi imatha kuyendetsa mapulogalamu masauzande. Chachiwiri, core imanyamula RMID imodzi yokha pa nthawi imodzi, choncho simungayeze pulogalamu payokha n'kuiyezanso pamodzi ndi gulu lake pa mita ina. Chachitatu, RMID siyera msanga. Zinthu zimene zinalowa mu cache zili ndi chizindikiro chake zimakhalabe nacho mpaka zitatulutsidwa, ngakhale pulogalamu imene inazibweretsa itatha kalekale. Mukaipereka msanga RMID yoteroyo kwa wina, iye amasenza katundu amene sanamange.

Pulosesa inali itachita mbali yake. Funso lotsala linali la khomo, lomwe akatswiri amati interface: kodi woyang'anira seva adzadutsira pati pofunsa kernel manambala amenewa, nanga yankho lidzaoneka bwanji?

Khomo loyamba

Yankho loyamba linkaoneka lachidziwikire. Linux inali kale ndi perf, chida choonera mita zosiyanasiyana za pulosesa, chimene olemba mapulogalamu anali atachizolowera. Matt Fleming, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Intel, analowetsa CMT mu perf, ndipo ntchitoyo inatuluka mu Linux 4.1 mu Juni 2015. MBM inatsatira mu Linux 4.6 mu Meyi 2016.

Perf ili ndi chizolowezi chake mita zikachepa. Mukaipempha kuti iyeze zinthu 10 pamene pulosesa ili ndi mita 4, sikana. Imasinthanitsa mitazo mofulumira, chinthu chilichonse n'kulandira kanthawi, kenako imachulukitsa zimene yapeza kuti iyerekeze chiwerengero chonse. Pa zinthu ngati kuwerengera malamulo amene core yachita, njira imeneyi imagwira ntchito ndithu. Olemba anaganiza zochita chimodzimodzi ndi ma RMID: akatha, kulanda RMID ya wina, kudikira kuti iyere, n'kuipereka kwa amene ali pamzere.

Apa ndi pamene zinasokonekera. Amene walandidwa RMID sankauzidwa, ndipo panalibe chotsimikizira kuti walandidwa pa nthawi imene sakuchita kanthu. Zimene anaika mu cache ali ndi RMID yakale sizinkaonekanso pa yatsopano. Perf inkalolanso kuti munthu apemphe kuyeza gulu lonse komanso pulogalamu imodzi ya m'gulumo, chinthu chimene pulosesa singachite. Mu 2016, David Carrillo-Cisneros wa ku Google anayesa kulemba ntchitoyo mwatsopano, ndipo ena a ku Intel anayesanso kuikonza, koma oyang'anira kernel sanalandire zokonzazo. Khomo linali lotsegula, manambala ankatuluka, koma ma RMID akangotha ambiri mwa manambalawo ankakhala ziro kapena osamveka mutu wake.

Mkangano wa cgroup

Pa nthawi yomweyo panali mkangano wina wokhudza kugawa cache, njira imene Intel imaitcha CAT. Pano pulosesa imagwiritsa ntchito nambala ina, CLOSID, yonena gawo la cache limene gulu laloledwa kugwiritsa ntchito. Ma CLOSID ndi ochepa kwambiri kuposa ma RMID: pa Xeon E5 v4 analipo 16 okha.

Mu 2015, Vikas Shivappa wa ku Intel anabweretsa ntchito yoika CAT pansi pa cgroup. Cgroup ndi dongosolo loika mapulogalamu m'magulu, limene linayambira ku Google m'manja mwa Paul Menage ndi Rohit Seth, n'kulowa mu Linux 2.6.24 mu 2008. Poti magulu alipo kale, ambiri ankaona kuti ndi pomwe CAT ikuyenera kukhala. Tejun Heo, woyang'anira cgroup, anakana. Magulu a cgroup amatha kukhala mazana, ena m'kati mwa anzawo ngati nthambi za mtengo, ndipo manambala 16 sangakwanire mtengo wotero. Marcelo Tosatti wa ku Red Hat anabwera ndi ganizo lakuti mapulogalamu azipempha okha gawo la cache ku kernel. Kumapeto kwa chakacho, Thomas Gleixner, mmodzi mwa oyang'anira mbali ya x86, anaitanitsa kuti nkhaniyo iyambidwenso kuchokera pa zimene pulosesa imathadi kuchita ndi zimene oigwiritsa ntchito akufuna. Zina mwa zofunikazo zinali zakuti pulosesa iliyonse m'seva ithe kugawidwa mwa njira yakeyake, ndiponso kuti gawo la cache lithe kuperekedwa kwa core, osati kwa pulogalamu yokha.

Zotsatira zake zinali resctrl, imene Fenghua Yu ndi Tony Luck a ku Intel anatsogolera kulemba, ndipo inatuluka mu Linux 4.10 mu Febuluwale 2017. Resctrl imaoneka ngati mafoda ndi mafayilo wamba pamalo otchedwa /sys/fs/resctrl. Kupanga foda ndi kupanga gulu. Mufayilo ya tasks mumalemba manambala a mapulogalamu, mu cpus mumalemba ma core, ndipo mu schemata mumalemba gawo limene gululo lapatsidwa. Ma CLOSID akatha, lamulo lopanga foda limalephera basi.

Chaka cha 2017: kugumula ndi kumanganso

Tsopano Linux inali ndi makomo awiri a chipangizo chimodzi. Kugawa kunali ku resctrl, kuyeza kunali ku perf, ndipo munthu sakanatha kuyeza gulu lomwelo limene waligawira cache. Mu Linux 4.14, imene inatuluka mu Novembala 2017, mbali ya perf ija inachotsedwa yonse. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, chifukwa Linus Torvalds amaumirira kuti kernel isamaphwanye mapulogalamu amene akudalira khomo lomwe lilipo kale. Apa olemba anafotokoza poyera kuti khomolo silinagwirepo ntchito moyenera, chifukwa kamangidwe ka perf ndi ka pulosesa sizinkagwirizana.

Kuyeza kunasamukira ku resctrl. Gulu lililonse linapatsidwa RMID yakeyake, ndipo m'kati mwake munabwera foda ya mon_groups yopangiramo timagulu toyezedwa patokha. Mufoda ya mon_data muli mafayilo atatu pa cache ya L3 iliyonse: llc_occupancy yonena malo amene gulu latenga mu cache, mbm_total_bytes yonena ma byte onse amene adutsa, ndi mbm_local_bytes yonena okhawo opita ku memori yolumikizidwa ku pulosesa yomweyo. Vuto loyeza gulu ndi kagulu nthawi imodzi linathetsedwa ndi masamu ophweka: chiwerengero cha gulu lalikulu ndi chake kuphatikiza cha timagulu take.

Chosankha chachikulu chinali chokhudza kuchepa kwa ma RMID. Kulandana kunatha. Fayilo ya num_rmids imanena kuti alipo angati, ndipo akatha, foda yatsopano sipangika. RMID ya gulu limene lafufutidwa imaikidwa padera kufikira zotsalira zake mu cache zitachepa kufika pa mlingo umene woyang'anira angausinthe mufayilo ya max_threshold_occupancy. Woyang'anira seva anataya mwayi woyeza chilichonse chimene wafuna, koma nambala imene wapatsidwa anayamba kuikhulupirira.

Chosankha china chinali chakuti mafayilo asamanene liwiro. Amanena ma byte onse amene adutsa chiyambire, monga mmene mita ya madzi imasonyezera malita onse, osati mphamvu ya mpope. Wofuna liwiro amayang'ana kawiri, n'kuchotsera, n'kugawa ndi nthawi imene yadutsa. Motero wina akhoza kuyeza pa sekondi, wina pa ola, popanda kernel kuwasankhira.

Ntchito ya kuseri kwa fayilo

Kuti nambala ya mufayilo izingokwera, kernel imagwira ntchito imene woyang'anira saiona. Mita zoyamba za MBM zinali za ma bit 24, kutanthauza kuti zikafika pa 16,777,215 zimabwerera pa ziro, ngati mita ya mtunda ya galimoto yakale. Kernel imazungulira ma RMID onse sekondi iliyonse, n'kumawonjezera zimene zasintha pa chiwerengero chake chachikulu. Imachulukitsanso ndi nambala imene pulosesa imanena yokha, kuti yankho likhale m'ma byte.

Nthawi zina pulosesa ndiyo imalakwitsa. Intel inalengeza zolakwika ziwiri, BDF102 ya ma Xeon a Broadwell ndi SKX99 ya a Skylake, zimene zinkachititsa kuti ma RMID ena azipereka chiwerengero chokwera kapena chotsika. Kernel inapatsidwa tebulo la manambala okonzera, ndipo mafayilo anakhala mmene analili.

Kudalirika kwa manambalawa kunayamba kukhudza zambiri pamene kernel inayamba kuwagwiritsa ntchito polanga. Linux 4.12 inabweretsa MBA, njira yochepetsera liwiro la gulu mwa maperesenti. Koma peresenti siuza munthu kuti ndi ma byte angati, ndipo gulu likafalikira pa ma core ambiri limadya zochuluka ngakhale peresenti isasinthe. Mu Linux 4.18, mu 2018, munabwera mba_MBps: woyang'anira amalemba malire m'ma megabyte pa sekondi, kernel n'kumayang'ana mita ya MBM ndi kukweza kapena kutsitsa peresenti. Kuchokera pamenepo, mita yonama inatanthauza kuti pulogalamu ya kasitomala wosalakwa ikhoza kuchedwetsedwa.

AMD ndi Arm alowa pakhomo la Intel

Khomo likakhazikika, ena amamangapo. Libvirt, runc ndi chida cha Intel cha pqos zinayamba kulankhula ndi resctrl, ndipo mayina a mafayilo ake anasanduka lonjezo losabwezeka. AMD itaika zipangizo zofanana m'mapulosesa ake a EPYC, inalowera pakhomo lomwelo. Babu Moger wa ku AMD anachotsa dzina la Intel m'mbali zambiri za pulogalamuyo, ndipo ntchitoyo inatuluka mu Linux 5.0 mu Marichi 2019.

Mita za AMD ndi zazikulu, za ma bit 44, koma zili ndi vuto lina. Ma RMID ake ndi ambiri kuposa mita zenizeni zimene zili kuseri kwake. Pulosesa imalonjeza kuyeza ma RMID amene ali pa core pa nthawiyo. Magulu akachuluka, imatha kuchotsa mita pa RMID ina n'kuipereka kwa ina, ndipo woyang'ana fayilo amapeza mawu akuti Unavailable. Zimene zadutsa pa nthawi imene mita kunalibe sizidziwikanso. Kulandana kumene kunathamangitsidwa mu 2017 kunabwerera, ulendo uno kuli m'kati mwa pulosesa. Peter Newman wa ku Google anayesa njira yakuti core iliyonse ikhale ndi RMID yosasintha, kernel n'kumayang'ana mita nthawi iliyonse imene ikusintha gulu pa core. Njirayi inkachedwetsa kusinthako, ndipo sinalowe mu kernel.

Arm inabwera ndi kamangidwe kena, kotchedwa MPAM. M'malo mwa CLOSID muli PARTID, ndipo m'malo mwa RMID muli PMG. Kusiyana kwake n'kwakuti PMG siima payokha: imamveka pokhapokha ikaphatikizidwa ndi PARTID yake, monga mmene nambala ya nyumba imamvekera mukatchula dera lake. Funso limene fayilo ya num_rmids imayankha mosavuta pa Intel limakhala lovuta pa Arm. Komanso mita za MPAM ndi zipangizo zapadera zowerengeka, zofunika kuuzidwa gulu loti ziyeze. Arm ikanatha kupempha khomo lakelake, koma zikanachititsa kuti pulogalamu iliyonse yoyang'anira maseva ilembedwe kawiri. James Morse wa ku Arm anatha zaka zambiri akulekanitsa mbali ya mafayilo ndi mbali ya x86, pang'onopang'ono, Reinette Chatre wa ku Intel akuunika chigamba chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mbali ya mafayilo inasamukira pamalo akeake, fs/resctrl, mu Linux 6.16 mu 2025.

AMD nayo inawonjezera m'mapulosesa ake njira yotchedwa ABMC, yolola kumangirira mita pa RMID kuti isalandidwe. Kukambirana za khomo lake kunatenga pafupifupi zaka 2, ndipo kunatha ndi Linux 6.18 kumapeto kwa 2025. Nthawi yambiri inathera pa kuonetsetsa kuti khomolo lidzathandizenso Arm, n'chifukwa chake mayina a mafayilo ake satchula ABMC. Fayilo ya mbm_assign_mode imasankha kachitidwe, num_mbm_cntrs imanena kuchuluka kwa mita, available_mbm_cntrs imanena zimene zatsala, ndipo gulu lililonse lili ndi fayilo yopemphera kapena kubwezera mita. Gulu lopanda mita likafunsidwa, fayilo imayankha kuti Unassigned.

Chimene zaka 10 zinaphunzitsa

Kuchokera pa Linux 4.1 kufika pa 6.18, funso linali limodzi: mita zikachepa, amene azisankha woyezedwa ndani, nanga wosayezedwayo adziwa bwanji? Perf inasankha yokha mwakachetechete, n'kupereka nambala yooneka ngati yoona. Mapulosesa oyamba a AMD anasankhanso okha, koma ankavomera kuti chiwerengero palibe. Resctrl inapereka chisankho kwa woyang'anira seva, amene akudziwa kuti ndi kasitomala uti amene akudandaula ndi pulogalamu iti imene akuikayikira.

Khomoli lili ndi zipsera zake. Mafoda ake amatchula L3 ngakhale pa makina amene mita zake zingakhale pamalo ena, chifukwa anapangidwa poyang'ana Xeon ya mu 2016. Magulu ake sagwirizana okha ndi a cgroup, moti oyendetsa ma container amalemba pulogalamu imodzi m'malo awiri. Kusintha zimenezi n'kovuta chifukwa mapulogalamu ambiri anamangidwa kale pa mayina amenewo.

Komabe pali chimene chapirira mapulosesa a makampani atatu. Munthu akatsegula fayilo ya mbm_total_bytes amapeza ma byte amene anayezedwadi, kapena mawu omuuza chifukwa chake palibe nambala. Error akutanthauza kuti pempho lalakwika, Unavailable kuti pulosesa ilibe yankho, Unassigned kuti gululo silinapatsidwe mita. Mawu atatuwa amachititsa pulogalamu yoyang'anira kukhala yovutirapo kulemba, popeza iyenera kukonzekera yankho losakhala nambala. Phindu lake amalipeza kasitomala amene ntchito yake ili pa seva yogawana ndi anthu amene sadzawaona: akachedwetsedwa kapena kusamutsidwira pa makina ena, chigamulocho chimachokera pa mita imene inalidi pa gulu lake.